Kasinja wa Malata a Apongozi

Mwaimva imene yadutsa pamwambayi? Helikopitatu imeneyo. Inu mwangotukula mutu n'kubwereranso ku mafoni anu, koma ine mtima wachita kuti myuu, chifukwa ndikangomva phokoso limenelo ndimakumbukira mnzanga Che Abdulrahim a ku Ntaja. Minibasiyi sinyamuka pano, musavutike. Awo akhala kutsogolowo si apaulendo, ndi anzake a kondakitala, angowakhazika kuti muziti yatsala pang'ono kudzadza. Tasenderani kuno kumthunzi ndikuuzeni.

Ine ndine Elliam, wolemba zikwangwani. Chikwangwani chilichonse cholembedwa bwino kuchokera pa Nsanama pano mpaka ku Ngokwe, dzanja ndi langa. Zolakwika masipelo zija ndi za anthu ena. Tsono Che Abdulrahim ndi kalipentala, ndipo ndinene zoona, luso ali nalo. Vuto lawo n'lakuti iwonso amadziwa kuti ali nalo. Munthu amene amati akabwera kwanu n'kukupezani mwakhala mopendekera pampando umene anapanga iwo, amakudzudzulani m'nyumba mwanu momwe. Anakanizapo munthu bedi la mlombwa ati nkhope yake si yogona pa mlombwa, akayese bulugamu.

Chaka chimenecho, mwezi wa Okotobala dzuwa likuswa mtengo, kunabwera Sajeni Makwinja. Ameneyu ndi wa kwathu konkuno, tinaphunzira limodzi, kungoti iye analowa usilikali ine n'kulowa penti. Anandipeza n'kunena kuti akufuna wopenta ndi kalipentala wodziwa ntchito. Ndinamutengera ku shedi ya Che Abdulrahim.

"Nkhani ndi iyi, akulu," anatero Sajeni. "Ku Balaka uko, kuchipululu kuseri kwa Utale, tili ndi maphunziro. Anyamata ndi atsikana athu ena akuphunzira kuyendetsa ndege za nkhondo, ena akuphunzira kukhala pansi n'kumauza a m'mwambawo pa wailesi kuti mdani ali apa. Ndiye tikufuna akasinja abodza, oti aziwaona ali m'mwamba, awazindikire, kenako..."

"Aziwaona ali m'mwamba?" Che Abdulrahim anamudula.

"Ee, awaone, kenako..."

"Ndi mabwana omwe?"

"Onse. Makaputeni, akuluakulu ochokera kulikulu, onse adzakhalapo. Tsono akawaona..."

"Basi, a Sajeni, musatope. Mwafika pakhomo poyenera."

Inu, tamverani. Mawu amene anatsala kuseri kwa "kenako" uja ndi amene anali mutu wa nkhani yonse, koma sanatuluke. Ine ndikanafunsa, kungoti ndinali ndi nzimbe m'kamwa, ndipo n'zodziwika kuti munthu wotafuna nzimbe makutu amatseka. Akulu akale anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ife sitinatume munthu, tinalipo tokha, koma za m'maluwa tinatola ndithu.

Lole ya asilikali inatitenga, kuwoloka Shire pa Liwonde, kulowa fumbi la ku Balaka. Malo ake, abale, ngakhale buluzi amayenda ndi kamba wa madzi. Milambe yokhayokha ndi minga. Anatisonyeza mulu wa zinthu zomangira: migolo yobooka, malata adzimbiri, matabwa odyedwa ndi chiswe, matayala akutha. Pamulupo tinapeza munthu wina atayamba kale ntchito, a Blasius, wowotcherera zitsulo wa pa Balaka, wamimba yake, shati yomanga batani limodzi. Iwowa anali atapatsidwa akasinja awiri, ife mmodzi.

A Blasius ankangotenga mgolo, kuumenya ndi hamala, kuusanjika pa unzake, kusomekapo mtengo kutsogolo, kuwaza matope, basi kasinja watha. N'kukagona pansi pa mlambe chipewa kumaso.

Che Abdulrahim anazungulira chinthucho manja ali kumbuyo ngati ali pamaliro.

"Achimwene, chimenechi n'chiyani?"

"Kasinja," anayankha a Blasius osachotsa n'chipewa chomwe.

"Kasinja kapena dzala?"

"Inu pangani wanu tione. Ndamva kuti ku Ntaja mumapanga mipando ya ana a nasale."

Pamenepo ndi pamene zinthu zinayambira kupita kuchigwa. Che Abdulrahim anandikokera pambali, maso ali psuu.

"Elliam, dzina langa silingakwere m'mwamba litavala dzimbiri. Mabwana akayang'ana pansi, aone kusiyana kwa mmisiri ndi wotola zinyalala. Tibwerera ku Ntaja. Ndikudziwa kumene kuli malata."

Malata ankanenawo anali a apongozi awo, Abiti Mahmudu. Paja Che Abdulrahim ndi mkamwini, amakhala kwawo kwa akazi awo a Fauziya. Apongoziwo mwana wawo Jimu ali ku Joni, ndipo anali atawatumizira malata atsopano, a mtundu wa buluu, onyezimira ngati nyanja ya pakalendala. Mayiwo anali atasasula kale udzu panyumba yawo, amisiri akukweza zipupa, iwo akugona m'khitchini kudikira kuti denga likwere mvula isanagwe. Malatawo ankawapukuta ndi kansalu m'mawa uliwonse. Nkhuku ina inayesa kukwerapo, tsiku lomwelo inasanduka ndiwo.

Mukudziwa mwambo wake, mkamwini salankhula ndi apongozi maso ndi maso. Ndiye Che Abdulrahim ananjuta cha apo, kuyang'ana mtengo wa papaya, apongozi pamkeka kuyang'ana kumpanda, a Fauziya pakati ngati waya wa telefoni.

"Uwauze mayi kuti boma likufuna kuona malata awo."

"Akuti boma likufuna kuona malata anu."

"Uwafunse, boma lilibe ake?"

"Akuti boma lilibe ake?"

"Uwauze kuti abuluu chonchi lilibe. Adzawaonera m'ndege. Mabwana onse adzafunsa kuti kodi malata amenewa ndi a mayi ati."

Apa Abiti Mahmudu anacheukira malata awo aja. Ndinaona ndithu kuti nyambo yalowa. Kodi ndani safuna kuti katundu wake aonedwe ndi ndege?

"Uwauze kuti atenge. Koma abwere monga apitira. Ndisapezepo bowo, ngakhale la msomali, ngakhale la singano. Ndikapezapo bowo, iwonso apeze njira ya kwawo."

"Wallahi, uwauze kuti ngakhale ntchentche sidzaterapo."

Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, izi ndinazinena ndithu tili mu lole. Anandiyankha kuti miyambi ndi ya anthu opanda luso.

Tsono taganizani, mumange kasinja ndi malata oti simuloledwa kuwadula, simuloledwa kuwapinda, simuloledwa kukhomapo msomali. Che Abdulrahim anaimika mafelemu a matabwa abwino ochokera ku shedi kwawo, n'kumangirira malata aja ndi mawaya, pansi pa waya aliyense kuikapo kansanza kuti asakalike. Popeza malata ndi aatali, chinthucho chinatalika. Popeza anaopa kuti fumbi lingakhazikike pamwamba, denga analipendeketsa. Ndinati ndipakeko penti ya mawangamawanga ngati yunifolomu ya asilikali, anandigwira dzanja.

"Penti pa malata a apongozi? Ukufuna banja langa lithere ku Balaka?"

Kenako anati kalipentala weniweni sangamange chinthu chopanda chitseko, msilikali azilowera kuti? Anaikapo chitseko cha mapanelo, chopaka vanishi, chimene kasitomala wina ankachidikira ku Ntaja. Anati nanga mpweya? Anaboola zenera kumbali ya matabwa, lotsekula chokweza m'mwamba. Pansi pa zenera anaikapo kashelefu, ati msilikali aziikapo kapu ya tiyi. Ataona mmene dzuwa la ku Balaka likuwotchera, anati msilikali si mwala, n'kuwonjezera kakhonde. Mfuti yake inali paipi yamadzi yoyera, imene anaitulutsira pakona ya denga kuti isakhudze lata.

"Tsopano lemba," anatero akundipatsa thabwa losalala.

"Ndilembe chiyani?"

"Dzina langa, zilembo zikuluzikulu zoti awerenge ali kumitambo. Ndi mawu aulemu kwa mabwana."

Ndinalemba: ABDULRAHIM WA KU NTAJA. TAKULANDIRANI. Ndinajambulaponso kaduwa mbali iyi ndi mbali iyo, chifukwa dzanja likazolowera silifunsa.

Tisanatsuke n'komwe mabulashi, panaima bambo wina panjinga, thukuta lili kamukamu.

"Odi kuno! Mayunitsi alipo?"

"Mayunitsi a chiyani?"

"A foni. Kapena simunayambe kugulitsa?"

"Bambo, uyu ndi kasinja wa nkhondo!"

Bamboyo anayang'ana khonde, anayang'ana kashelefu, n'kukwera njinga yake. "Chabwino. Mukadzatsekula muzidzasunganso mchere, kuno timauvutikira."

A Blasius pansi pa mlambe anaseka mpaka batani limodzi lija linathothoka.

Madzulo ake Sajeni Makwinja anabwera kudzayendera ntchito. Anaona za a Blasius, n'kugwedeza mutu kuvomereza. Atafika pa yathu anaima. Anavula chipewa, kukanda m'mutu, kuvalanso. Kenako anapita poteropo n'kuyamba kulankhula pa wailesi yake yam'manja, mapewa akugwedezeka. Pobwera anali akupukuta misozi.

"A Kaputeni akuti musasinthe kanthu. Akuti chisiyeni momwemo."

"Wamva?" Che Abdulrahim anandigunyuza. "Munthu mpaka misozi. Luso limalasa mtima, Elliam."

Ndipo pompo anapempha kuti tsiku la chionetsero abwere ndi apongozi ndi akazi awo, adzaone okha ulemerero wa malata. Sajeni anati alendo saletsedwa, bola akhale kuseri kwa chingwe.

Tsiku linafika. Asilikali anali atazungulira midzi yonse yapafupi kuchenjeza anthu, mbuzi zonse zitatsekeredwa, njira zonse zitaimikidwa mbendera zofiira. Ife anatikhazika pakaphiri, pansi pa tenti, kuseri kwa mabwana. Kuchokera pamenepo chigwa chonse chimaoneka: uko zinyalala ziwiri za a Blasius, zosaoneka bwino n'komwe pakati pa tchire, ndipo uku kasinja wathu, buluu waliwali, moti munthu umachita kuphimba maso. Che Abdulrahim anavala mkanjo woyera ndi mzuli watsopano kumutu. Abiti Mahmudu anakhala pampando wapulasitiki, ambulera m'manja, akuuza mayi wina wa ku Utale kuti abuluuwo ndi awo, anachokera ku Joni.

Kumunsi kwa kaphiriko kunali mahelikopita awiri, ndipo gulu la asilikali ovala maovolosi linali kalikiliki. Wina akugwada kusuzumira kumimba kwa ndege, wina akukoka kangolo, ena awiri atanyamula chilamba chachitali cha zinthu zonyezimira ngati mikanda ya chimphona, mphunzitsi wawo ali pambuyo kuwakalipira kuti agwire bwino. Kenako anayamba kulowetsa timipope tosongoka m'mabowo a m'mbali mwa ndege.

"A Blasius," anafunsa Che Abdulrahim monyada, "amenewo ndiye makamera ake?"

A Blasius anawayang'ana cham'mbali. "Ee, makamera. Kungoti amajambula kamodzi kokha."

Amene ankatsogolera zonse anali Kaputeni Chikwenga, mayi wamfupi, wosaseka, mawu ake ngati lumo. Anaima kutsogolo n'kufotokozera alendo kuti gulu la pansi labisala penapake m'tchiremo ndi magalasi oonera patali, ndipo ntchito yawo ndi kuuza woyendetsa ndege chimene akuona, kumene chili, ndi choti achite nacho. Anaika chimkuzamawu kuti tonse tizimva zokambirana zawo. Zinali m'Chingerezi chodukaduka chija cha asilikali, koma Sajeni anakhala pafupi nafe n'kumatimasulira.

Helikopita yoyamba inadzuka, fumbi koboo, n'kuzungulira kuseri kwa milambe. Pa chimkuzamawu panamveka mawu a mnyamata wa gulu la pansi.

"Akuti waona kasinja wa mdani kumpoto kwa mlambe waukulu," anatero Sajeni. "Akuti ndege ibwerere kum'mawa... Akuti yaloledwa."

"Yaloledwa kujambula," Che Abdulrahim anafotokozera a Fauziya.

Inu! Ndinangoona helikopita yaweramitsa mphuno ngati nkhumba yofuna kufukula chinangwa. Kenako phokoso, trrrrrrr, ngati munthu akung'amba chinsalu chachikulu kumwamba. Kenako fyuuu, phuuu! Kasinja wa a Blasius anadumpha m'mwamba, mgolo uku, tayala uko, mtengo uja n'kumazungulira wokha mlengalenga. Utsi utachoka panatsala dzenje.

Mabwana anawomba m'manja. A Blasius anaimirira n'kuwerama ngati wamwetsa chigoli.

Ndinacheuka kuyang'ana mnzanga. Abale, munthu wakuda amayera, ndinaona ndi maso angawa. Nkhope ndi mkanjo zinafanana.

"A Sajeni... chachitika n'chiyani? Ngozi?"

"Ngozi yanji? Walasa bwino mwana ameneyu."

"Mukutanthauza kuti... onse?"

"Nanga tinawamangiranji? Si ndinakuuzani ku Ntaja kuti awaone, awazindikire, kenako awaphulitse?"

"Kenako simunamalize!"

"Munandidula ndinu."

Kumbuyo kwathu kunamveka kukhosomola. Abiti Mahmudu anali atatseka ambulera yawo.

"Fauziya, uwafunse bambo ako akunyumbawa. Ndege imeneyi ikamaliza uko ipita kuti?"

A Fauziya sanafunse. Anangogwira kukamwa.

Helikopita yachiwiri inanyamuka. Kasinja wachiwiri wa a Blasius anapita nayenso kwa makolo ake. Apa Che Abdulrahim anakwinya mkanjo m'manja, kudumpha chingwe, n'kuyamba kuthamangira kuchigwa akukuwa, "Imani! Ndi obwereka! Ndi obwereka!" Sanapite patali. Sajeni anawadumphira ngati wogwira mbuzi yothawa pamsika, onse awiri gubidi m'fumbi, mzuli n'kugubuduka wokha kutsetsereka. Anawabweza atawagwira m'khosi mwa mkanjo.

"Mukufuna kufera malata?"

"A Sajeni, kufa ndi ndege n'kwachangu. Simukuwadziwa apongozi anga."

Anawakhazika pansi pakati pa ine ndi msilikali wina wamkulu ngati chitseko. Ndege yoyamba ija inali itabwereranso m'mwamba, wophunzira wina ali pachiwongolero. Inazungulira, n'kulunjika kumene kunali buluu. Che Abdulrahim anatseka maso n'kuyamba kutchula mayina onse a Mulungu amene anaphunzira ku madrasa. Ine Mkatolika ndinayamba Tikuoneni Maria, kuti mbali zonse ziwiri zimve.

Pa chimkuzamawu panamveka mawu a mtsikana wa gulu la pansi. Analankhula, kuima, kulankhulanso mwamphamvu. Sajeni anayamba kumwetulira.

"Akuti chachitatucho si cha mdani. Akuti ndi okala ya anthu wamba. Akuona khonde, shelefu, ndi chikwangwani cholandira makasitomala. Akuti osawombera, akubwereza, osawombera."

Helikopita inadutsa pamwamba pa malata aja mwaulemu, n'kukhota, n'kumapita.

Anasinthana ophunzira. Wina anabwera, anazungulira kawiri, n'kunena yekha ali m'mwamba kuti pamalopo akuona golosale, mwina mwini wake wathawa nkhondo. Winanso anati n'kutheka ndi chigayo, poona paipi ija. Palibe ndi mmodzi yemwe anaponya ngakhale kamwala. Malata ali phee, kunyezimira.

Ine ndinapumira m'mwamba. A Fauziya anayamba kulira ndi chimwemwe. Abiti Mahmudu anatsekulanso ambulera n'kuuza mayi wa ku Utale uja kuti, "Mwaona? Ngakhale ndege zikuwapatsa ulemu."

Nkhani ikanathera pamenepa, bwenzi lero tikuti Mulungu ndi wabwino, n'kukwera minibasi. Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Kaputeni Chikwenga anaitanitsa ophunzira onse kutsogolo kwa tenti, a m'ndege ndi a pansi omwe, n'kuyamba kuwalankhula m'Chichewa kuti alendo timve nawo.

"Lero mwalasa bwino, koma chimene chandikondweretsa si chimenecho. Kuwombera aliyense angaphunzire. Chovuta ndi kudziwa pamene suyenera kuwombera. Msilikali amene sasiyanitsa mdani ndi mayi wogulitsa sopo si msilikali, ndi chigawenga. Ife sitinaitanitse okala m'chigwa muja, koma nditamva kuti mmisiri wina wamanga, ndinati isiyeni, tiwayese nayo ana awa. Ndipo nonse mwakhoza. Ali kuti bambo amene anamanga okala ija? Aimirire tiwathokoze."

Anthu m'manja phuphuphu. Ine ndinawanong'oneza kuti, "Imirirani, mugwade pang'ono, muti zikomo, tikamasule malata tizipita."

Anaimirira. Koma sanagwade.

A Blasius ndiye anathira mchere pabala. Anakweza mawu kuti tenti yonse imve: "Achimwene a ku Ntaja, shuga mukugulitsa bwanji paketi? Mundisungireko mabanzi awiri!"

Tenti yonse kuseka, mpaka bwana wina wanyenyezi zambiri paphewa anagwira pamimba.

"Pepani, a Kaputeni," anatero Che Abdulrahim. "Ija si okala."

Ndinawatsina pantchafu. Sanamve.

"Mwati bwanji, bambo?"

"Ndati si okala. Ndi kasinja."

"Abudu!" anakuwa a Fauziya, ulemu wonse wa pagulu ataiwala. "Khalani pansi!"

"Iyayi, Fauziya, ndisiye. Ine ndapanga mipando ya mashehe, ndapanga zitseko za masukulu, sindinamangepo okala chibadwire. Anthu awa andituma kasinja, ndawamangira kasinja. Zinyalala za awa mwaziwombera ngati zinthu zenizeni, wanga mukumulambalala ngati chimbudzi cha pamsika. Ndiye mukuti ndithokoze?"

Kaputeni anawayang'ana osaphethira. "Bambo, ganizani bwino. Ili ndi khonde."

"La mthunzi wa msilikali!"

"Yalembedwa kuti takulandirani."

"Ndi ulemu! Kodi ku nkhondo kulibe ulemu?"

"Nanga mfuti yake ili kuti?"

"Paipi ija! Simukuiona paipi? Imene ija ndi mfuti yaikulu, yoposa timitengo ta a Blasius!"

Ndinayesa kulowererapo. "A Kaputeni, akuluwa dzuwa lawawomba, musawamvere. Ine ndi amene ndinalemba chikwangwani, ndikutsimikiza kuti ndi okala. Mawa lomwe tikuika mchere."

"Elliam, ukanenanso mawu amenewo ubale wathu watha!"

Kaputeni anatembenukira kwa ophunzira ake. Ndikulumbira, pakona ya mlomo wake panagwedezeka kanthu.

"Mwamva? Mmisiri mwini wake, amene akudziwa za m'kati mwake, watitsimikizira kuti ndi kasinja. Ili ndi phunziro lachiwiri la lero. Nthawi zina mdani amabisa chida chake kuti chioneke ngati nyumba ya anthu. Simuwombera mongoganiza, koma uthenga wodalirika ukafika kuchokera pansi, ndipo mwatsimikiza kuti mulibe munthu, zinthu zimasintha. Bambo, ndikufunsani komaliza pamaso pa anthu onsewa. Ndi okala kapena ndi kasinja?"

Mawu atatu okha, inu, "ndi okala, bwana," malata akanabwerera kwawo osakalika. Ndinaona Che Abdulrahim akuyang'ana akazi awo, akuyang'ana msana wa apongozi, kenako akuyang'ana a Blasius, amene anali akuyerekeza kuwerengera munthu chenji m'manja.

Anakweza chibwano.

"Ndi kasinja."

"Sajeni," anatero Kaputeni, "ndege yachiwiri yatsala ndi zipolopolo?"

"Zatsala, bwana."

"Mtsikana amene anakana kuwombera uja ndiye aitane. Wachita bwino, alandire mphoto yake."

Sindikufuna kunena zambiri za zimene zinatsatira, chifukwa ena mwa inu mwangodya kumene. Ndingoti malata a ku Joni amalira mosiyana ndi migolo. Migolo imati phu. Malata aja anati ngwerengwerengwere, ngati mabelu a matchalitchi onse a dayosizi agwera m'chitsime. Chitseko cha kasitomala chinauluka chathunthu, chinatembenuka kamodzi m'mwamba mwaulemu, n'kukatera pamtengo wa minga. Chikwangwani changa chinagawika pakati, ABDULRAHIM kugwera ku Balaka, TAKULANDIRANI kulowera cha ku Machinga.

Mabwana anaimirira kuwomba m'manja. Ndipo mukudziwa amene anawomba kwambiri? Che Abdulrahim. Misozi ikutsika, koma manja akuwomba.

"Waona, Elliam? Mafelemu akadali chilili! Akasinja a Blasius anagwa ndi kamodzi. Wangayu wapirira!"

Asilikali atayendera chigwa chonse kuona kuti palibe chotsala chosaphulika, anatilola kukatola zathu. Abiti Mahmudu anatsika nafe, pang'onopang'ono, ambulera ili pamutu. Anatola lata limodzi, kulikweza kudzuwa. Kuwala kunadutsa m'mabowo n'kuwagwera kumaso ngati nsalu ya madontho. Ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatire Che Abdulrahim pamudzi paja, mayiwo sanadutsire mwa mwana wawo. Anatembenuka n'kuwayang'ana mkamwini m'maso.

"Che Abdulrahim."

"Mayi."

"Ndinati bowo limodzi mupite kwanu. Koma apa ndikati ndikuthamangitseni pa bowo lililonse, moyo wanu sukwanira. Ndiye simupita. Mukhala pompaja, ndizikuonani."

Chigamulo chinagwa tisanafike n'komwe pa Liwonde. Malata a panyumba ya Che Abdulrahim, oyera wamba aja, anasasulidwa n'kukafolera nyumba ya apongozi, wokhoma ali iwo omwe. Ndipo abuluu aja, Abiti Mahmudu anati sangatayidwe, ndi thukuta la mwana wawo. Anawongoledwa ndi hamala n'kukwera padenga la mkamwini. A Fauziya anayesa kuwapepesera, mayi awo anati iwo ndi ana akhoza kumakagona kwa agogo mvula ikagwa, koma mmisiri azigona pansi pa ntchito ya manja ake.

Ndinapitako mu Januwale, mvula ili pakati. Nyumba imene ija, inu, ukakhala m'kati masana umaona ngati uli pansi pa sefa. Anayesa kumata ndi phula, anayesa sopo, anayesa mapepala a shuga, koma mabowo ena ndi oti mwana wa mbuzi n'kudutsa. Ndinawapeza atakhala pampando wawo wa mlombwa pakati pa balaza, mabeseni ndi mapoto atawazungulira ngati akugulitsa, ambulera ili kumutu, akumwa tiyi amene sankatha m'kapu chifukwa denga limawonjezera.

Ndinakhala pakona pamene pamadontha pang'ono. Tinamvera limodzi ndondondo wa m'mabeseni. Kenako ndinalephera kupirira.

"Koma akulu, kunena zoona, pakanavuta chiyani kungoti ndi okala?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa funso la mwana. Anasuntha ambulera, n'kuloza kudenga, kumene mitambo imaonekera m'mabowo.

"Elliam, tawerenga mabowo amenewo. A Kaputeni ananena okha pamaso pa anthu kuti okala sawombera." Anamwa tiyi wawo wamvula uja, n'kupukuta ndevu. "Ndiye ukapita ku Balaka, ukawauze a Blasius abwere adzaone umboni. Koma abwere ndi beseni lawo."